Msiyeni Mwana Aphwasule Chidolecho

Disembala akangolowa, makhonde a masitolo ku Limbe, ku Bwalo la Njobvu ndi kufupi ndi depoti ya Mzuzu amasanduka khola la nyama zachilendo. Pali kagalu kaubweya wa nayiloni kamene kamayenda masitepe atatu, n'kuima, n'kuuwa, n'kugwedeza mchira. Pali kagalimoto ka polisi kolira ngati kapsa ndi moto, kamene kakagunda phazi la munthu kamabwerera kokha n'kukagunda phazi la wina. Pali msilikali wokwawa chafufumimba, nkhuku yovina, ndege yosauluka, ndi kamtsikana kapulasitiki kozungulira pamalo amodzi kwinaku kakuimba nyimbo ya chiyankhulo chimene ngakhale wogulitsayo sachidziwa. Venda wangokhala pambali ndi jumbo ya mabatire, kumadyetsa ziweto zakezo. Ndipo ife a malipiro a pamwezi, ife a mataye ndi madipuloma, timaima, n'kumwetulira, n'kupisa m'thumba.

Vendayo ndilibe naye mlandu. Akusaka ya ufa, monga ine amene ndimagulitsa mawu m'nyuzi muno. Mlandu wanga uli ndi inu bambo ndi inu mayi a m'tauni, ndipo uli pawiri. Poyamba, mumagulira mwana chinthu chimene chimasewera chokha. Kachiwiri, ndipo apa ndiye pakulu, mwanayo akafuna kuona chimene chili m'kati mwake mumamumenya.

Tiyeni tione bwinobwino zimene mwana amachita ndi galu wamabatire. Amakankha kaswichi. Basi, ntchito yake yathera pomwepo. Kuyenda akuyenda ndi galu, kuuwa akuuwa ndi galu, mwana wangoti kakasi kuonerera ngati mlendo pagule wa eni ake. Tsiku loyamba aseka mpaka misozi. Lachiwiri aitana anzake kuti adzaone. Lachitatu waona kale zonse zimene galuyo adzachite pa moyo wake wonse: masitepe atatu, kuuwa, mchira. Sangamutume, sangamusenzetse katundu, sangamusandutse mkango kapena ng'ombe yokoka ngolo, monga chitsononkho chimasandukira khanda kumbuyo kwa kamtsikana. Ndiye tsiku lachinayi amachita chanzeru chokhacho chimene chatsala: amamugadamiza galuyo, n'kuyamba kufunafuna kumene kukuchokera phokoso. Mphindi imene chidole chayamba kumuphunzitsa kanthu ndi yomweyo imene khofi limatera patsaya. "Waononga! Ukudziwa ndinagula ndalama zingati? Mwana wosayamika iwe!" Galu waponyedwa kudzala, mwana walira mpaka wagona, ndipo funso lija, loti kodi n'chiyani chikuyendetsa chinthuchi, lakwiririka pamodzi ndi galuyo.

Pali makomo ena kumene chidole sichifa n'komwe, chifukwa sichiloledwa kukhala ndi moyo. Chimagona m'kabati yagalasi pabalaza, pakati pa makapu a paukwati, ndipo chimatuluka kukabwera alendo. Apa ndiye zimaonekera poyera kuti mwini chidolecho ndani. Si mwana ayi. Ndi bambo amene akufuna kuti aneba adziwe kuti bonasi yatuluka.

Ena muti, nanga galimoto ya rimoti, si mwana amene amaiyendetsa? Eya, iyo yachitako bwino, chala chikugwirako ntchito. Koma funsani mwanayo chimene chimachoka m'kabokosi ali nako m'manja n'kukafika kugalimoto popanda chingwe. Sadziwa. Funsani bambo ake. Nawo sadziwa, ndipo sizikuwavuta. Onse awiri akudikira tsiku limene kabokosiko kadzasiye kumvera kuti anene mawu athu aja a fuko lonse: "Zachabechabe izi, zinatha."

Tsono ikani pambali pa zonsezi galimoto yamawaya, imene ambiri a inu mudaiyendetsa musanayambe kuvala nsapato, ngakhale lero mukaona mwana wanu akuikankha mumamukalipira kuti akukuchititsani manyazi. Ndikukumbutseni mmene inkabadwira, poti ena mudaiwala dala. Choyamba kunali kusaka waya: kudzala, kugalaja, kuseri kwa chigayo, ndipo tisabise, mipanda ya anthu ena inkaonda usiku. Wayayo ankawongoledwa ndi mwala pamwamba pa mwala unzake. Wokhuthala ndiye wa mafupa a galimoto, wopyapyala wa kopa ndiye womangira mfundo. Kupinda kunali kwa pulayala ngati wina wakubwereka, apo ayi msomali wokhomedwa pathabwa, apo ayi mano. Matayala ankachokera ku zitini za polishi, ku zitsekerero za mabotolo, ku patapata wakutha wodulidwa mozungulira, kapena waya yemweyo wokulungidwa ndi malegeni. Ekiselo inkadutsa m'kati mwa chibolopeni chakutha kuti izizungulira mosagwira. Ndipo panali chiwongolero, waya wautali kapena bango lofika m'chiuno, cholumikizidwa mwanzeru kotero kuti ukachipotoza matayala onse awiri akutsogolo ankakhota pamodzi.

Taimani kaye pamenepo. Mwana wa zaka 9, wopanda buku, wopanda mphunzitsi, ankamasula ndi zala zake funso la mmene dzanja lozungulira kumwamba lingakhotetsere matayala awiri pansi. Akalakwitsa, galimoto inkakana kukhota pamaso pa gulu lonse. Panalibe cholembera chofiira. Anzake ankangomuseka, iye n'kumasula zonse n'kuyambiranso.

Inali ndi masipuling'i galimoto imeneyo, yonesa podutsa pamiyala. Ina inali ndi chitseko chotseguka, ina inali tipa yokhuthula mchenga. Achimwene athu ankapanga Bedford, Land Rover ndi mabasi a Stagecoach. Ife tidapeza a Shire Bus Lines ndi maminibasi, ndipo odziwa ntchito ankaikako ngakhale kondakitala wadongo atalendewera pakhomo. Injini inali pakamwa. Munthu ankasintha magiya ndi milomo, kulira kwa lole yokwera chitunda kosiyana ndi kwa yotsetsereka, ndipo wolakwitsa ankadzudzulidwa kuti waotcha kilatchi. Tinkalima misewu, kumanga milatho pangalande, kuika rodibuloko ndi kulandira ziphuphu za masamba a mango, poti ana amasewera zimene akuona. Panali amakaniko odziwika dera lonse, olipidwa ndi zitumbuwa. Galimoto ikathyoka masewera sankatha, ankangosamukira kugalaja.

Mu 1990 mayi wina wa ku America amene adakhalapo kuno, Karen Lynn Williams, adatulutsa kabuku ka ana kotchedwa Galimoto, konena za mnyamata dzina lake Kondi amene akuyendayenda tsiku lonse kusaka mawaya. Ana a kwawoko akhala akukawerenga kwa zaka zoposa 30, ndipo ambiri adaphunzira mawu athu oti galimoto kudzera m'menemo. Alendo akabwera amagula magalimoto ndi njinga zamawaya kwa ogulitsa ziboliboli n'kukaziika pashelefu ku London. Ife tikutumiza ndalama kunja kukagula galu wouwa. Wina andimasulire mwambi umenewu.

Ndikudziwa chimene mukunena mumtima, ndipo ena mulembera a mkonzi sabata yamawa: "Uyu ndi mmodzi wa alakatuli aja okometsa umphawi. Iye akulemba pa kompyuta koma akufuna ana athu azitola zinyalala." Mfundoyo ili ndi mano, sindiithawa. N'zoona kuti galimoto yamawaya idabadwa chifukwa makolo athu analibe ndalama, ndipo waya wadzimbiri udacheka zala zambiri. N'zoonanso kuti alakatuli ali ndi matenda olirira zakale, kutamanda koloboyi atakhala pansi pa babu. Munthu amene wakhetsa thukuta chaka chonse ali ndi ufulu woona nkhope ya mwana wake ikuwala pa Khirisimasi, ndipo ufulu umenewo sindimulanda. Komanso tauni idasintha. Ana ambiri lero akukulira kuseri kwa mpanda wanjerwa wa mabotolo osweka pamwamba, kumene kulibe gulu, kulibe mkulu wophunzitsa mng'ono kupinda waya.

Koma amene akuganiza kuti ndimadana ndi makina sanandimve. Chinthu chabwino koposa m'galu uja ndi mota imene ili m'mimba mwake. Ubweya, maso, mchira, nyimbo, zonsezo ndi ndende chabe imene kamotako katsekeredwamo.

Amene mudatsegulapo mukukadziwa: kachitini kosaposa chala chachikulu, kokhala ndi kamtengo kachitsulo kotulukira kunja. M'kati muli maginito awiri omata kukhoma, ndipo pakati pawo pali kachitsulo ka nthambi zitatu kokulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi. Magetsi a batire akalowa m'wayamo, kudzera pa tizitsulo tiwiri tokhudza kamtengo kaja, kachitsuloko nakonso kamasanduka maginito, ndipo maginito apakhoma amakakankha uku akukakoka uko. Kakangosuntha pang'ono, tizitsulo tija timakhudza mbali ina, magetsi n'kutembenuka, kukankhako n'kuyambiranso. Kotero kamangozungulira, maulendo masauzande pa mphindi imodzi. Liwiro limenelo n'lalikulu kwambiri kwa miyendo ya galu, n'chifukwa chake pamakhala timagiya tapulasitiki tochepetsa liwiro n'kuonjezera mphamvu. Ndipo nachi chimene bokosi la chidole silinena: kawirikawiri galu akafa, mota imakhala ili moyo. Chimene chafa ndi dzino limodzi la giya, kapena kawaya kamene kaduka paswichi, kapena batire yotchipa imene yatuluka madzi n'kudya tizitsulo ta m'chipinda chake. Mumakwirira mtima wamoyo chifukwa cha chikhadabo chothyoka.

Kamota komweko, mukakazunguza mwamphamvu m'malo mokapatsa batire, kamatulutsa magetsi, okwanira kuphethiritsa kababu kakang'ono. Zimene zimachitika ku Nkula ndi ku Tedzani pamtsinje wa Shire ndi nzeru yomweyo, kungoti kumeneko chozunguza ndi madzi ndipo makinawo ndi aakulu ngati nyumba. Phunziro lonse la magetsi lili m'manja mwa mwana wanu, lokulungidwa mu ubweya wa nayiloni, ndipo inu mwaimirira ndi lamba kulilondera kuti asalifike.

Kodi William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, adayamba bwanji? Ndi kuphwasula mawayilesi, iye ndi mbale wake, kufuna kudziwa mmene mawu amalowera m'bokosi. Kenaka dayinamo ya njinga idamuzunguza mutu. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nyengo ya njala ya 2002, adatenga njinga yakufa ya bambo ake, fani ya thirakitala ndi mapaipi apulasitiki, n'kumanga makina oyendera mphepo amene adayatsa babu pakhomo pawo. Anthu ankati wachita misala. Lero pali buku la 2009 ndi filimu ya 2019, ndipo aliyense woyankhula pamsonkhano wa achinyamata amamutchula. Koma tinene zoona, abale anzanga: mwana wa m'nyumba mwanu atayamba lero ndi wayilesi yanu monga adayambira William, angafike madzulo khungu lake lili lonse?

Ngakhale maiko amene timawasirira pa za makina sadayambe ndi mafakitale onyezimira. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, mizinda yambiri ya ku Japan inali phulusa. Mmisiri wina wa zidole, Matsuzo Kosuge, analibe chitsulo, ndiye adayamba kusonkhanitsa zitini zimene asilikali a ku America ankataya akadya ndi kumwa, n'kuzisalaza, n'kupanga timajipi tofanana ndi ta asilikali omwewo, toyendera mphira. Tidagulitsidwa ku Kyoto kumapeto kwa chaka chomwecho ndipo anthu adatilimbirana. Zikusiyana pati ndi zimene mwana wa ku Ndirande amachita ndi chitini cha polishi? M'zaka zotsatira, zidole zachitini zidakhala pakati pa katundu amene adabweretsera Japan ndalama zakunja. Abale awiri a banja la Mabuchi adayamba kupanga timamota ta zidole, n'kukhazikitsa kampani yawo mu 1954. Kampani imeneyo imapanga timamota toposa biliyoni imodzi pachaka, tambiri mwa ito ta m'magalimoto enieni, topinda magalasi oonera kumbuyo ndi tokhoma zitseko. Mwina galimoto yogwira kale ntchito ya ku Japan imene mwaimika panjapo ili nato. Kwawoko wotola zitini adatsegulira dziko lake msika. Kwathu kuno wotola waya timamuona ngati mbava ya mawa.

Galu wathu uja amachokera kutali. Zidole zambiri za pa dziko lapansi zimapangidwa ku China, ndipo dera la Chenghai mumzinda wa Shantou, m'chigawo cha Guangdong, ndi limodzi mwa malikulu a zapulasitiki ndi zamabatire. Kuchoka uko n'kulowa m'kontena, kuoloka nyanja, kutsika ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, n'kukwera thiraki mpaka kuno. Sindikunyoza Mtchaina ayi. Iye amapanga chimene wamuitanitsa, cholimba kwa wolipira bwino, chosachedwa kutha kwa wofuna chotchipa, ndipo amalonda athu akudziwa okha mulu umene amatolapo. Chimene chimandiwawa n'chakuti ulendo wonsewo umalipiridwa ndi madola, madola omwewo amene timawasowa pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala a m'zipatala. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mlimi wa ku Mchinji wawerama chaka chathunthu m'munda wa fodya kuti dziko lipeze dola, ndipo kachidutswa ka dolayo kabwerera ngati nkhuku yovina imene sifika tsiku la Chilembwe ili moyo.

Ndipo mtengo wa chidole suthera pakauntala. Galu ameneyu amadya kuposa galu weniweni. Mabatire otchipa a pa okala amayenera wotchi yapakhoma kapena kawayilesi, zinthu zomwa magetsi pang'onopang'ono. Mota imawakama madzulo amodzi. Kenaka mwana ayamba kuchotsa a mu tochi, a mu rimoti, a mu wayilesi ya agogo, nkhondo n'kubuka m'nyumba. Akatha amapita kuti? Kudzala kuseri kwa nyumba, m'ngalande, mumtsinje wa Mudi kapena wa Lilongwe, kumtaya wa ku Mzedi, ndipo chidole chimawatsatira posachedwa. Kafukufuku wa bungwe la UNITAR la United Nations, wotuluka mu 2023, adapeza kuti zidole zamagetsi zokwana mabiliyoni 7.3 zimatayidwa chaka chilichonse, pafupifupi chimodzi pa munthu aliyense wamoyo. Tangoganizani kuchuluka kwa timamota tamoyo tili m'mulu umenewo.

Palinso za moyo wa mwanayo. Mu 2007 kampani ya Mattel, imodzi mwa zikuluzikulu pa dziko lonse, idaitanitsa zidole pafupifupi mamiliyoni 20 kuti zibwezedwe, zina chifukwa cha penti wokhala ndi mtovu umene umaononga ubongo wa mwana, zambiri chifukwa cha timaginito tothothoka, timene mwana akameza tiwiri timagwirana m'matumbo n'kuwaboola. Pamapeto pake kampaniyo idapepesa kwa a ku China, kuvomera kuti zambiri zidalakwika pa mapulani ake omwe. Ngati zidagwera kampani yokhala ndi akatswiri ndi maloya, nanga bokosi lopanda dzina, lopanda keyala, limene wopanga wake simungamupeze ngakhale mutalemba sing'anga? Ndiye pali timabatire tobulungira ngati batani, ta m'zidole zoyaka ndi zoimba. Mwana akameza kamodzi n'kukakamira pakhosi, kamatha kuotcha kum'mero m'maola awiri okha. Ku America adachita kukhazikitsa lamulo mu 2022 lokakamiza kuti chipinda cha mabatire otere chizitsekedwa moti mwana wamng'ono sangachitsegule. Kwathu kuno, a bungwe loona za miyezo ya katundu atiuze poyera kuti pa makontena a zidole olowa chaka chilichonse, ndi angati amene amatsegulidwa n'kuyesedwa. Tili tcheru.

Mwina mwandigwira apa, muti: iwe ukuti muli maginito ndi mabatire opha, ndiye ukutinso mwana aphwasule? Inde, chifukwa chomwecho. Chidolecho chidzatseguka ndithu, kaya mufune kaya musafune. Chimene mungasankhe inu n'chakuti chitsegukire kuti: kuseri kwa bafa, mobisa, ndi mwala, khanda likukwawa pambali n'kumatola tokugwa, kapena patebulo, masana, inu mulipo. Lamba sathetsa chidwi cha mwana, amangochisamutsira kumdima.

Koma tisamangoloza ana. Matenda okonda chinthu chifukwa choti chikuyenda chokha, osafunsa kuti chikupita kuti, ndi a akuluakulu, ndipo azungu nawo amadwala. Mu Januwale 1985 ku Britain, Sir Clive Sinclair, munthu wanzeru amene adalemera ndi makompyuta otchipa, adatulutsa C5, kanjinga kamabatire ka matayala atatu, kotsika ngati beseni, kogula mapaundi 399. Adakaonetsa m'nyengo yachisanu, kopanda denga, ndipo okwera adazindikira kuti mutu wawo ukulingana ndi matayala a malole. Chaka chisanathe ntchito idatsekedwa. Mu 2001 kudabwera Segway, ya matayala awiri yoimirirapo, imene otamanda ankati idzasintha mamangidwe a mizinda. Idakathera kwa alonda a m'masitolo akuluakulu ndi alendo oona malo. Idagwetsa George W. Bush mu 2003, idagwetsa Usain Bolt ku Beijing mu 2015 pamene wojambula adamuomba nayo kumbuyo, ndipo mu 2010 mwini kampaniyo panthawiyo, Jimi Heselden, adagwa nayo kuphompho n'kumwalira. Adasiya kuipanga mu 2020. Mdzukulu wake, kathabwa ka matayala awiri kotchedwa hoverboard, kadasokosa mu 2015 mpaka mabatire ake atayamba kuyaka m'nyumba za anthu. Ku America toposa 500,000 tidaitanitsidwa mu Julaye 2016, ndipo makampani ambiri a ndege adakana kutinyamula. Tsono ndikamaona ena kuno akugulira ana awo kameneka, m'dera limene msewu wake uli ndi maenje oti mbuzi n'kubisalamo, ndimangoti chikomekome cha mkuyu. Yerekezani ndi njinga yakapalasa, imene siimba, siyaka, koma yanyamula makala, odwala ndi okwera kabaza zaka zonsezi, chifukwa aliyense wokhala ndi sipanala akhoza kuitsegula pansi pa mtengo wa mango.

Kutseguka kumeneko ndiye nkhani. Taonani mmene zidole zambiri zimatsekedwera: zomata ndi guluu, zosungunulidwa pamodzi, kapena zomangidwa ndi masikuluu a mutu wachilendo umene chomasulira cha m'nyumba sichilowa. Chinthu chopangidwa kuti chisakonzedwe chili ndi phunziro lake, ndipo mwana amalimva bwinobwino: chikafa, taya, udikire wa kutsidya kwa nyanja akutumizire china. Mwana ameneyo akakula ndiye bwana uja amene ofesi yake yadzaza makina akufa ofundikidwa ndi nsalu, onse akudikira katswiri wochokera ku Johannesburg. Ndiye komiti ija imene mjigo wake wakhala miyezi osatulutsa madzi chifukwa cha kamphira kamodzi. Timadandaula kuti dziko lathu limagula kunja ngakhale zotokosera m'mano, koma m'mera mpoyamba, ndipo poyambapo ndi pabalaza panu, tsiku lija mudakweza dzanja.

Galimoto yamawaya nayo siyoyera, ili ndi mlandu wake. Inali ya anyamata okha. Mtsikana akayandikira ankathamangitsidwa kuti apite kumasanje akaphike nsima yadothi. Msika wa zidole wangotenga tsankho lomwelo n'kulipaka utoto: mnyamata galimoto ya rimoti, mtsikana khanda lapulasitiki lolira ukalifinya pamimba. Kenaka tizidabwa kuti m'makalasi a uinjiniya atsikana ndi owerengeka. Chomasulira sikuluu sichifunsa kuti dzanja ndi la ndani, ndipo m'mimba mwa khanda loliralo mulinso mawaya.

Ndiye sindikuti boma liletse zidole. Tidatopa nazo zoletsaletsa m'dziko muno, kumene mpaka kutalika kwa siketi ndi kwa tsitsi kudali ndi lamulo lake. Ndikuti amalonda amene amadzaza kontena ndi agalu ouwa asiyeko ngodya imodzi ya timamota tapatokha, mawaya, maswichi, timababu ndi timagiya, zogulitsa pamulu ngati tomato. N'zopepuka, sizithyoka panjira, ndipo sizingadule kuposa galu amene zikadakhala m'mimba mwake. Aphunzitsi a sayansi kupulayimale, amene amajambula batire ndi babu pabolodi ndi choko chifukwa sukulu ilibe zipangizo, auze ana abweretse zidole zakufa mu Januwale. M'makomo a m'tauni zangoti mbwee. Ndipo aitaneko tsiku limodzi mnyamata wokonza mafoni ndi mawayilesi mumsika. Ambiri a iwo ndi ophwasula aja amene adapirira zikwapu, ndipo lero ndi amene timawagwadira foni ikazima.

Inu amene mwagula kale, poti ndikudziwa mwagula, galuyo akasiya kuuwa musamuponye kudzala. Chotsani mabatire, ndipo tobulungira tija ndi timaginito mutibise kutali ndi khanda. Yalani nyuzi ino patebulo, muitane mwana amene wafika msinkhu wa sukulu, wamkazi kaya wamwamuna, mumupatse chomasulira, inu manja kumbuyo. Akafika pa kamota, adule mawaya ake motalikirako. Akamangirire ndi malegeni pa galimoto yamawaya, kapena pa katoni ya mkaka yoikidwa matayala, n'kukoletsa kamphira kuchoka pa kamtengo kake kufika pa ekiselo ya kumbuyo. Ulendo woyamba mphira idzavuka, kapena mota idzangong'ung'udza matayala osasuntha, chifukwa galimoto yalemera kapena gudumu la pa ekiselo lachepa. Musamuuze. Mwani tiyi wanu. Ikadzanyamuka n'kukagunda mwendo wa tebulo, mumufunse chimene chingachitike atasinthanitsa mawaya awiri aja pa batire.